Mkamwini Wodula Ngayaye

Kalekale, chimanga chisanafike m'midzi yonse, padali mudzi wina m'tsinde mwa phiri. Dzina lake musandifunse, mudziwo udasamuka kale. Sunthirani kuno. Iwe wagwira chikuniwe, leka kutokosa moto, phulusa likundilowa m'maso. Nthano imeneyi ine imandipsetsa mtima nthawi zonse ndikamaikamba, ndiye musandiwonjezere.

M'mudzimo mudali mayi wina wamasiye, dzina lake Nangozo. Adalibe ng'ombe, adalibe mbuzi. Chuma chake chidali ngala zingapo za chimanga cha mbewu, zimene adazimangirira kudenga pamwamba pa moto kuti utsi uziziwamba, anankafumbwe asalowemo. Chimangacho sichidali choyera ngati cha anzake. Chidali chofiira psuu, cholimba, chosafumbwa msanga. Adachilandira kwa mayi ake, amene adabwera nacho m'kansalu pothawa njala kwawo kutali. Mayi akewo adamwalira. Abale ena amene adali nacho adachidya chaka cha dzombe. M'dziko lonselo chidatsala kwa Nangozo yekha.

Tsono chaka chimene mwamuna wake adamwalira, Nangozo sadalime. Chaka chotsatira adadwala miyendo, sadalimenso. Iye ankadziwa kuti mbewu sikhala kudenga mpaka kalekale. Ikagonera zaka zambiri imafa, ukaibzala imangowola m'nthaka. Akayang'ana kudenga mtima unkamuwawa. "Chaka chino chikapanda kulowa m'nthaka," ankatero, "chimanga cha amayi chathera m'manja mwanga."

Mwayi wake, mwana wake wamkazi, Mwadaine, adapeza mwamuna. Mwamunayo dzina lake adali Kachigamba. Adachokera kutsidya kwa mtsinje waukulu, kumene anthu ankadya chinangwa ndi mawere, ndipo ankalima fodya. Adabwera kudzakhala chikamwini kwa mkazi wake monga mwa mwambo.

Musaganize kuti Kachigamba adali mlesi. Akadakhala mlesi bwenzi zili bwino, bwenzi nthano ino palibe. Adali munthu wa khasu. Ntchito ya mawa ankaigwira lero. Fodya wake kwawo ankatchuka, tsamba limodzi ankati mwana angabisalemo mvula. Vuto lake lidali limodzi: zimene ankadziwa pa fodya ankayesa kuti ndi za mbewu iliyonse.

Tsono mumve mwambo wa m'mudzimo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso. Sankayankhulana. Sankatchulana maina. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire uku, wina uko, mpaka adutsane. Mawu onse ankadzera mwa mwana wamkazi. Anthu ankati umenewo ndiwo ulemu, ndipo Nangozo ndi Kachigamba onse awiri ulemuwo adaugwira ndi manja awiri.

Nyengo yolima itafika, Nangozo adaitana Mwadaine. "Ukawauze amuna ako akaswe mphanje kuseri kwa phiri, kutali ndi minda ya anthu. Chimanga changa chikayandikana ndi choyera chija chimabala chamawangamawanga. Sindifuna chosakaniza."

Mwadaine adakanena. Kachigamba adaswa mphanje.

"Ukawauze abzale njere ziwiriziwiri, asathithikize."

Mwadaine adakanena. Kachigamba adabzala ziwiriziwiri.

"Ukawauze apalire udzu usanakule, akatero abandire."

Mwadaine adakanena. Kachigamba adapalira, adabandira. Nangozo adapereka mbewu yonse, osasiyako kudenga ngakhale ngala imodzi. Ine pamenepo mpamene ndimayamba kukukuta mano, koma tiyeni tipitirire.

Chimanga chidamera bwino. Mizu idagwira nthaka yatsopano ija, mapesi adanenepa, masamba adabiriwira mpaka kuda. Chidafika m'mawondo, chidafika m'chiuno, chidampitirira Kachigamba mutu. Iye adamanga chilindo m'mphepete mwa munda, nkumagona komweko kuti anyani ndi nguluwe zisaononge.

Nthawi yomweyo Mwadaine adali woyembekezera, ndipo masiku ake adakwana. Adachira mwana wamwamuna, koma adavutika kwambiri. Adagona m'chikuta thupi lili moto, mutu osadzutsa. Mukudziwa kuti m'chikuta mwamuna salowamo. Kachigamba adangomva uthenga, adavina yekhayekha pamunda, nkubwerera kuchilindo kwake kukadikira kuti mkazi wake atuluke.

Mwaiona nkhaniyo? Pakamwa pamene pankadzera mawu onse padatsekeka.

M'masiku omwewo chimanga chidayamba kutulutsa ngayaye. Kachigamba adaima pakati pa munda, adayang'ana kunsonga za mapesi, adapukusa mutu. Kwawo fodya akayamba kutulutsa mutu wa maluwa amaudula msanga, kuti mphamvu yonse ipite kumasamba. Iye adaganiza kuti, "Anthu akuno ulimi saudziwa. Amasiya zinthu izi zizidya chakudya cha ngala. Ine ndidula zonse zisanatambasuke. Ngala zake zikula ngati mkono wanga. Apongozi anga adziwe kuti mwana wawo adakwatiwa ndi mlimi."

Adanola kampeni kake pamwala. Adagwira phesi, adaliweramitsa, adadula ngayaye, adataya pansi. Adagwira lina, adaliweramitsa, adadula, adataya pansi. Ndipo ankaimba:

"Mutu pansi, tsinde linone,
Dule, dule.
Kwathu fodya timatero,
Dule, dule."

M'mawa wina Nangozo adasiya mwana wake ali m'tulo, adakwera phiri ndi ndodo yake kuti akaone chimanga. Ali patali adamva nyimbo. Atayandikira adaona ngayaye zili mbwee pansi m'mizere, mkamwini ali kalikiliki ndi kampeni. Adatsegula pakamwa kuti akuwe.

Adakumbukira mwambo, adatseka pakamwa.

Adabisala kuseri kwa mtengo wa msuku, natsokomola. Kachigamba atamva chifuwacho adadziwa kuti ndi apongozi. Adaika kampeni pansi, adatembenuka kuwapatsa msana, adagwada, adaomba m'manja mwaulemu. Adakhala chigwadire. Nangozo adatsokomolanso. Kachigamba adaombanso m'manja. Nangozo adatsokomola mpaka kukhosi kudauma, Kachigamba adaomba mpaka m'manja mudatentha. Pomaliza mayi uja adaona kuti dzuwa lakwera, wodwala akum'dikira, adabwerera kumudzi.

Kachigamba adadzuka, adasasa fumbi m'mawondo, adamwetulira. "Aona ntchito yanga. Mawu awasowa ndi chimwemwe."

Adagwira phesi, adaliweramitsa, adadula, adataya pansi.

Mukuseka? Sekani. Ine sindikuseka.

Nangozo adafika kuchikuta ali wefuwefu. Adafuna kugwedeza Mwadaine kuti amuuze, koma mzamba amene ankasamala wodwalayo adamugwira dzanja. "Mayi, mwana wanuyu dzulo amafuna kutisiya. Mukufuna kumuikanso nkhani za kumunda pamutu? Ngakhale mumuuze, atuluka bwanji? Dikirani achire."

"Ngayaye sizidikira," adatero Nangozo.

"Nayenso wodwala sathamangitsidwa," adayankha mzamba, nam'tulutsa panja.

Wina wafunsa kuti bwanji osatuma mwana wamng'ono. Eya, wafunsa bwino, ngakhale wandidula mawu. Ana m'mudzimo adali mbwee ngati inu nomwe. Koma Nangozo adati mawu odzudzula mkamwini saikidwa m'kamwa mwa mwana, anthu angati wamunyoza. Mwamva? Chimanga chikutha, iye akuopa kuti anthu anena chiyani.

Kutacha Nangozo adakweranso phiri. Ngayaye sizituluka tsiku limodzi, zina zimatsogola, zina zimatsalira, ndiye m'mundamo mudali zambiri zatsopano. Nyimbo idali pakamwa pa Kachigamba:

"Mutu pansi, tsinde linone,
Dule, dule."

Tsiku limenelo Nangozo adabwera ndi nzeru. Adati, "Mwambo ukuletsa kuyankhula ndi mkamwini, koma suletsa kuyankhula ndi chitsa." Adaima pafupi ndi chitsa cha mtengo umene Kachigamba adagwetsa poswa mphanje, adapatsa munda msana, nayamba mokweza mawu.

"Iwe chitsa, tamvera. Kwathu kuno chimanga sitimeta. Wamva, chitsa? Ngayaye sitidula."

Kachigamba adamva mawu a apongozi ake akuyankhula okha patchire. Adaganiza kuti, "Akupemphera kwa mizimu ya makolo awo chifukwa cha mwana wodwala. Mkamwini wabwino samvetsera za eni mudzi." Adatseka makutu ndi zala, adayenda chammbuyo mpaka kumapeto kwa munda, adakakhala kuseri kwa chulu.

Nangozo adachilangiza chitsa chija mpaka thovu kukamwa. Adachiuza zonse, mmene chimanga chimakulira, mmene chimaberekera. Chitsa chidamva ulimi wonse tsiku limenelo. Atacheuka pang'ono adaona kuti m'munda mulibe munthu, adati, "Wamva, wachita manyazi, waleka." Adatsika phiri mtima uli pansi.

Asanafike ndi kumtsinje komwe, kumunda kuja phesi lidawerama, kampeni kadadula.

Mawa lake atapeza kuti ntchito ili mkati, Nangozo sadatsokomole, sadayankhule ndi chitsa. Adathamangira kwa mlongo wake, Chimkwende, amene adali nkhoswe ya ukwati wa Mwadaine. Ameneyu ndiye adali ndi mphamvu yoyankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Adam'peza ali pamthunzi akusema mpini.

"Achimwene, dzukani. Akamwini akudula ngayaye za chimanga cha amayi."

"Khala pansi, mlongo wanga. Wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Akudula ngayaye."

"Nanga wodwala wagona bwanji? Khanda likuyamwa?"

"Likuyamwa. Achimwene, akudula ngayaye."

Chimkwende adauika mpini pamwendo, adauyang'ana mbali iyi, adauyang'ana mbali iyo. "Nkhani ya mkamwini sitiithamangira. Ndikangopita ndekha kukam'dzudzula, akwawo adzati tikuzunza mwana wawo. Pafunika nkhoswe ya kuchimuna ikhalepo."

"Nkhoswe yakeyo ili kutsidya kwa mtsinje, ndipo mtsinje wadzaza."

"Udzaphwa."

Nangozo adakhala pansi nayamba kulira. Sadalire mokuwa, misozi yokha inkangotsika. Chimkwende adachita manyazi. "Chabwino, ndipita mawa."

Mawa lake kudagwa mvula, Chimkwende adati mawondo akum'pweteka. Mkucha wake kudali mowa wa dima kwa mnansi, adati sangakane kuitana kwa anthu. Tsiku lina adanyamukadi, Nangozo akum'kankha ndi maso mpaka adalowa m'njira ya kuphiri.

Kachigamba adamulandira bwino. Adamuyalira chikopa pachilindo, adatulutsa nthekwe ya fodya wamphuno wa kwawo, adam'tapira. Chimkwende adafwenkha, adayetsemula, misozi idatuluka. "Fodya uyu ndi wamphamvu. Mudalima nokha?"

"Ndekha, malume."

"Aaa, ndinu mlimi. Tsono kumudziku kuli kadandaulo pang'ono. Akuti mukudula ngayaye."

"Ndikudula ndithu, malume, ndipo ndatsala pang'ono kumaliza. Fodya mwanunkhizayu akadakoma chonchi ndikadasiya maluwa ake? Mbewu iliyonse ili ndi mphamvu imodzi. Ikapita kumutu, kuthupi kulibe. Taonani mapesiwa mmene anenepera. Taonani ngalazi, ndevu zili wirawira. Malume, ndikufunseni, inu chibadwire mudadyapo ngayaye?"

Chimkwende adaganiza. Munthu wa imvi, walima chimanga zaka zonsezo, koma sadadzifunsepo kuti ngayaye ntchito yake nchiyani. Kwa iye zinkangotuluka ngati tsitsi. "Ngayaye? Ayi, sindidadyepo."

"Nanga tizisungiranji?"

"Zoona. Tizisungiranji?" Adatapanso fodya uja, adatsanzika, adatsika phiri akuyetsemula.

Nangozo adamuchingamira kunjira. "Mwawauza? Aleka?"

"Mlongo wanga, mtima pansi. Mkamwini uja ndi katswiri. Wandifotokozera bwinobwino. Ndipotu chaka chamawa nanenso ndidula zanga. Iwe chibadwire udadyapo ngayaye?"

Nangozo adam'yang'ana mlongo wake kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine ndikadakhala iye, mpini ankasema uja ukadagwira ntchito tsiku limenelo.

Nangozo adagona osagona. Kutacha adamanga nsalu m'chiuno molimba, ndodo adaisiya. Adati, "Anthu anene zimene anganene. Andiseke kuchitsime, andiimbe pamtondo. Lero ndikayankhula." Adakwera phiri, miyendo yodwala ija osaimva. Atafika pamunda sadabisale kuseri kwa msuku. Adalowa m'mizere, masamba akum'cheka kumaso, akuponda ngayaye zofota. Adayang'ana kumwamba, nsonga zonse zidali zodulidwa. Adayenda, adayang'ana, zodulidwa. Adatsata nyimbo mpaka kungodya ya kumapeto, kumene nthaka idali yamiyala ndipo chimanga chidachedwa kukula.

Adam'peza Kachigamba ataweramitsa phesi.

"Kachigamba!"

Dzina limenelo lidali lisanatulukepo m'kamwa mwake. Mkamwini adadzidzimuka, kampeni kadadula. Ataona apongozi ake ali pafupi chonchi, maso ali pa iye, adaphimba nkhope ndi mkono nayamba kuthawa. Nangozo adam'gwira padzanja.

"Musathawe. Imani pomwepo."

"Amayi, pepani, sindidakuoneni, ndipatuke."

"Mupatukira kuti? Mwapatuka mokwana. Ndiyang'aneni."

Kachigamba adayang'ana pansi.

"Ndati ndiyang'aneni. Zatsala zingati?"

"Ziti, amayi?"

"Ngayaye."

Kachigamba adakweza dzanja pang'onopang'ono, adaonetsa imene adali atangodula. Mawu ake adatuluka ndi kunyada pang'ono, poti adali asanadziwebe. "Yomaliza ndi imeneyi, amayi. Sindidasiye ndi imodzi yomwe."

Nangozo adailanda. Adaigwedeza pachikhatho pake. Sipadagwe kanthu. Adaigwedezanso mwamphamvu, sipadagwe kanthu, chifukwa idali yanthete, yosatambasuka. Adatswanya kamodzi ka timatumba take ndi chikhadabo, adam'sonyeza za mkati.

"Mukuona umu? Ngayaye ikakhwima imatambasula nthambi zake, timatumba iti timatseguka, mumatuluka fumbi lachikasu. Ndiwo mungu umenewo. Mphepo ikaomba umagwera pansi." Adagwira ngala ya paphesi lomwelo, adanyamula ndevu zake ndi chala. "Umagwera apa. Kaulusi kalikonse ka ndevuzi kakuchokera mkati mwa makoko, ndipo kumapeto kwake kuli malo a njere imodzi. Fumbi lija likagwera pakaulusi, njere yake imabadwa. Likapanda kugwera, palibe njere. Kumwambaku ndiko kuchimuna, apa ndi pachikazi. Inu mwachotsa amuna onse m'mudzi, mukuyembekeza ana."

"Koma amayi, fodya kwathu..."

"Fodya mumafuna masamba ake. Ine ndikufuna ana a chimanga changa. Tandiuzani, mbewu ya fodya wanuyo mumaitenga kuti?"

"Timasiya mitengo ingapo osaidula, ichite maluwa, kenaka..."

Adalekera pomwepo. Pakamwa padangoti yasa. Adayang'ana munda wonse, mizere ndi mizere ya mapesi onenepa opanda mutu. Kampeni kadagwa m'manja mwake. Zimene apongozi ankanena adali kuzidziwa kuyambira ali mwana, kungoti sadaziganizire pa chimanga.

Munthu uja adathamanga. Adatolera ngayaye zonse zimene adadula m'mawawo, adazigwedeza pandevu, phesi ndi phesi. Sizidatulutse kanthu. Adazizika mumphika wa madzi kuti mwina zitambasuka, zidangofota. Adakwera phiri, adatsikira kumudzi, adalowa m'minda ya anthu kupempha ngayaye za chimanga choyera, poti chamawangamawanga chikadaposa kusowa. Koma anthu a m'mudzi adabzala ndi mvula yoyamba, iye akadali kuzula zitsa pamphanje. Ngayaye zawo zidali zitataya kale fumbi, zitauma gwaa. Adabwerera manja ali lende.

Ndevu za chimanga cha Nangozo zidadikira. Zidatalika, zidatalikabe, zikufuna fumbi limene silinkabwera. Kenaka zidafota, zidada, zidauma.

Mwadaine adachira, adatuluka m'chikuta ndi mwana kumsana. Atamva nkhaniyi adayang'ana mayi ake, adayang'ana mwamuna wake. "Inu anthu awiri akuluakulu, pakamwa muli napo, makutu muli nawo. Ine kungogona masiku ochepa okha, mwalephera kuuzana mawu a ngayaye?"

Chimkwende yekha ndiye ankayendabe m'mudzi nkumauza anthu kuti, "Dikirani pokolola, mudzaona ngala zake." Kunena zoona, kwa munthu wongodutsa mundawo unkaoneka wokongola. Mapesi aatali, makoko otupa. Ngakhale Nangozo masiku ena ankadzinamiza kuti mwina ngayaye ina idabisala m'masamba, mwina mphepo idabweretsa kafumbi kuchokera kuseri kwa phiri. Sadalole munthu kusenda ngala ngakhale imodzi nthawi isanakwane, ankaopa kuona.

Nthawi yokolola idafika. Adathyola ngala zonse, adaziunjika pafupi ndi chilindo. Nangozo adakhala pansi mbali iyi ya mulu. Kachigamba adafuna kukakhala kutali, koma mayi uja adam'kodola ndi dzanja, adakhala mbali inayo. Mwadaine adaika lichero pakati kuti aziponyamo njere.

Nangozo adasenda ngala. Chitsononkho choyera, chopanda njere. Adataya.

Kachigamba adasenda ngala. Chitsononkho choyera, chopanda njere. Adataya.

Adasenda, adataya. Adasenda, adataya. Dzuwa lidakwera, dzuwa lidapendeka. Mulu wa ngala unkachepa, mulu wa makoko unkakula. Chimkwende, amene adabwera ndi dengu lalikulu kudzathandiza kututa, adati wakumbukira kanthu kumudzi, adazemba. Nangozo ankapapasa chitsononkho chilichonse kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, poti maso ake adali ofooka, ankaopa kutaya njere osaiona. Ngala yomaliza adaisenda pang'onopang'ono, khoko limodzilimodzi. Adaipapasa. Adaiika pansi.

M'lichero mudalibe kanthu.

Khanda lidalira, Mwadaine adaliyamwitsa. Kenaka Kachigamba adayankhula, mawu ali pansipansi.

"Amayi, tsiku loyamba lija mudandipeza nditangodula mizere yochepa. Munda wonse udali ndi ngayaye zake m'mimba. Bwanji simudanene?"

"Ndinkakulemekezani," adatero Nangozo. "Nanga inu, nditaima pachitsa paja nkumakuwa, bwanji simudamvere?"

"Ndinkakulemekezani, amayi."

Mwadaine adanyamula lichero lake, adaligogoda pabondo mwachizolowezi ngakhale lidali lopanda kanthu, adalisenza, adatsogola njira ya kumudzi.

Anthu ankayembekeza kuti Nangozo amuthamangitsa mkamwini, amuikira katundu wake panja monga ankachitira ena. Sadatero. Chimkwende atabwera kudzanena kuti tsopano mtsinje waphwa, aitane nkhoswe ya kuchimuna akambe mlandu, mlongo wake adam'bweza pakhomo. "Mlandu wa yani? Kampeni kadali kawo, koma pakamwa padali panga."

Chaka chimenecho banja lonse lidakasuma kwa anansi, kulima m'minda ya eni kuti alandire chakudya. Mvula itabweranso adapempha mbewu yoyera, adabzala ngati wina aliyense, ndipo idabereka. Njala idatha. Koma Nangozo mpaka tsiku la imfa yake akakhala pamoto ankakweza maso kudenga, pamene padatsala kachingwe kakuda ndi utsi, nkuwabweza msanga. Chimanga cha mayi ake chidathera m'manja mwake.

Nthano yanga yaduka pamenepa, ndipo siiphukanso. Ukaona mnzako akuononga chinthu mosadziwa, muuze ndi pakamwa pako tsiku lomwelo, manyazi udzachite pambuyo. Tsono dzukani, ndipo iwe wa chikuni uja, ndakuona kuti sudaleke.